Botolo la Bambo Ako

Ingezi, Kadoma
Ogasiti 2007

Mwana wanga Hazel,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino ku Blantyre kumeneko. Kaya mutu unkakuvuta uja unaleka? Nanga ukudya, kapena ukungoweramira makina a ku labu kwanuko mpaka dzuwa kulowa? Ndimakudziwa iwe, ntchito ikakukomera umaiwala kuti uli ndi mimba. Ine ndili bwino, kupatula bondo lomwe ukulidziwa kale. Mlongo wako Tapuwa akadali ku Battlefields kukumba golide ndi anzake, ndipo akabwera kuno amakhala ali mbuu ngati wagwera m'thumba la ufa.

Kalatayi ndapatsira a Felista amene akupita ku Limbe kukaoda nsalu, chifukwa positi ya masiku ano siyodalirika. Za kuno sindikuuza zambiri, ukumva pa wailesi. M'masitolo muli mashelefu okhaokha, ku fakitale ya nsalu akugwira masiku owerengeka, ndipo kuchipatala ngakhale panado akuti kagule wekha.

Koma pali chodabwitsa. Kuseri kwa chipatala chomwecho amanga nyumba yatsopano yoyera, ili ndi jenereta yomwe imalira ngakhale Kadoma yense ali mumdima. Ndi ya anthu a kafukufuku, anzako a ntchito. Achuluka masiku ano, ku Chegutu kuli a malungo, kuno kuli a chifuwa. Ndi ana a msinkhu wako, ovala makhoti oyera, ndipo tsiku loyamba nditaona mtsikana wina akuyenda mothamanga atanyamula mabotolo, ndinayesa ndiwe.

A kunowa akufufuza zifuwa za madala amene anagwirapo ntchito m'migodi. Amene wapezeka ndi chifuwa chachikulu akumupatsa mankhwala onse ulere ndi kumamuona mwezi ndi mwezi. Tsono bambo ako akhala akutsokomola kuyambira nthawi yozizira. Ndinawakakamiza mpaka anatopa nane, ndipo anapita limodzi ndi Che Useni, mnzawo wa ku mgodi uja, amene tikuwasunga m'chipinda chakuseri chiwathamangitsireni pa famu ya malalanje ku Chegutu. Aliyense anamupatsa kabotolo kolembedwa dzina lake, kuti akalavuliremo makhololo kunyumba m'mawa n'kubweza.

Zotsatira zinabwera kuti onse awiri alibe matenda. Ine ndinavina pakhonde, bondo ndi bondo lomwelo. Koma chifuwa sichinamve kuti chilibe matenda, chinangopitirira. Lamlungu lapitali tili mkati moimba m'tchalitchi, bambo ako anatsokomolera m'kampango n'kukabisa msanga m'thumba, koma ine ndinali nditaona kale magazi.

M'mawa mwake ndikuchapa, Che Useni anabwera n'kukhala pa njerwa pafupi ndi beseni, chisoti chili m'manja. Munthu wamkulu ngati uja anayamba kulira asanalankhule. Kenako anati, "Mlamu, m'mabotolo onse awiri ndinalavula ndine."

Iwe Hazel, ndinatsala pang'ono kuwathira madzi a sopo. Ndinawafunsa ngati anafuna kundiphera mwamuna. Iwo anati ayi, ankamupulumutsa, monga ankachitira kale. Anandifotokozera zimene ine, mkazi wa m'nyumba zaka zonsezi, sindinkazidziwa. Akuti ku mgodi dokotala wa kampani akabwera kudzayeza anthu, amene wapezeka ndi chifuwa ankamulembera pa chitupa, kumupatsa bulangete, n'kumukweza sitima yobwerera kwawo, kumene madalawa amati ku Nyasalandi mpaka lero. Akazi ndi ana ankatsala pa komboni opanda nyumba. Ndiye amuna anapangana okhaokha kuti wamphamvu azilavulira wodwala. Palibe ankapempha, palibe ankathokoza, unkangotenga botolo la mnzako n'kupita nalo kuseri. Mnzako akapsa ndevu mzimire, anatero Che Useni, ndipo akuti chaka chimene ndinali ndi mimba yako bambo ako anadwala, iwo n'kuwalavulira. Popanda zimenezo ukanabadwa bambo ako ali kutsidya la Zambezi.

Mkwiyo unandithera pomwepo. Ndikanawakalipira bwanji? Tinangokhala awiriwiri pafupi ndi beseni, zovala zili m'madzi.

Tsiku lomwelo ndinapita kwa nesi wa kafukufukuyo, dzina lake Rudo, mwana waulemu, n'kumuuza zonse. Ndinkayesa atithamangitsa, koma anangogwira pakamwa, n'kunena kuti tsopano wamvetsa chifukwa chake madala ambiri a ku komboni akutuluka athanzi pomwe akuyenda atagwira nthiti. Anati botolo lina aperekanso, koma bambo ako alavulire pamaso pawo, ndipo mwiniwake abwere mwa kufuna kwake, chifukwa lamulo lawo sililola kukakamiza munthu. Anawonjeza kuti kulemba anthu atseka kumapeto kwa Seputembala. Akatseka, mankhwala amenewo ife sitingawapeze kwina kulikonse.

Apa ndi pamene pali vuto, mwanangu. Bambo ako akana.

Ukuwadziwa akaumitsa khosi. Akuti pa chitupa chawo panalembedwa kale kuti ndi mlendo, ngakhale mano awo onse anathera m'dziko lino. Akuti anaona ndi maso awo Che Useni akutsitsidwa pa thirakitala m'mbali mwa msewu ndi mphasa ndi mapoto, akuuzidwa kuti abwerere kwawo. Ndiye mlendo wodwala, akutero, angamusunge ndani? Ndawauza kuti za sitima zinatha kalekale, abusa a Morrison awauza, Rudo anabwera mpaka kunyumba kudzawauza m'Chishona chofewa. Iwo amangogwedeza mutu mwaulemu, mlendo akachoka n'kunena kuti dokotala wa kampani nayenso ankaseka bwino.

Ndinayesa kuwaopseza kuti ndipita kwa achemwali anga ku Chegutu ndikawasiye azidziphikira okha sadza. Anati ndipite, ufa wake uli kuti. Tinaseka tonse, kuseka kwakeko n'kuwautsira chifuwa, ndipo ndinawagwira msana mpaka chinatsika. Msana umenewo, Hazel, unkanyamula iwe ndi Tapuwa nthawi imodzi, lero ndikumva mafupa okhaokha m'manja mwanga. Ndikuopa. Ndakhala nawo moyo wanga wonse ndipo sindidziwa kuti m'nyumba muno ndingadzuke bwanji popanda wondinena kuti tiyi wachepa shuga.

Dzulo ndinayesa njira ina. Ndinawafunsa ngati akudziwa ntchito imene iwe umagwira. Anati amadziwa, mwana wawo ndi wa sayansi, paja amauza aliyense mpaka okhometsa matikiti m'basi. Ndinati ayi, ntchito yake yeniyeni. Ndinawauza zimene unandifotokozera pa Khirisimasi, kuti tsiku lonse umalandira timabotolo ngati tomweti, umawerenga dzina, n'kukhulupirira kuti zili mkatimo ndi za mwini dzinalo, ndipo zimene wapeza ndi zimene zimathandiza kudziwa mankhwala oyenera anthu.

Anayang'ana zikhatho zawo. Kenako anafunsa, "Ndiye kuti tinanamiza mwana wa munthu wina?"

Ndinati inde. Sanadye bwino madzulo amenewo. Pogona anandiuza kuti anthu onsewa akhoza kunama, abusa akhoza kunamizidwa, koma Hazel ali mkati mwa ntchitoyo ndipo sanawanamizepo chibadwire. Akuti iwe ukawauza ndi pakamwa pako kuti botolo likapezeka ndi matenda mwini wake amapatsidwa mankhwala osati sitima, adzapita. Akuti adzatenganso Che Useni ndi madala ena a ku komboni, akapepese limodzi kwa Rudo.

Ndiye pempho langa ndi limenelo, mwanangu. Sindikupempha mari, ndalama zako sunga, sindikuti usiye ntchito ubwere. Uimbe foni. Nambala ya abusa a Morrison ndalemba kuseri kwa pepalali, ndipo avomera kuti Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi tizikhala nawo pakhonde kudikira. Netiweki ikavuta usatope, uyesenso. Usawakalipire, ndawakalipira kale ine mokwanira tonse awiri. Usawalankhule Chizungu cha ku labu, uwauze m'Chichewa chomwe ankakuphunzitsa uli pamwendo pawo, ngakhale chako chija chosakaniza ndi Chishona, amachikonda.

Undiperekere moni kwa azakhali ako ku Ndirande ndi ana onse, uwauze kuti mlongo wawo amawatchula. Za matendazi usawauze kaye. Moninso kwa anzako a ku ntchito, uwauze kuti kuno kuli mayi wina amene amawapempherera osawadziwa. Tapuwa akupereka moni. Che Useni akuti uwakhululukire, akhala akusala kudya ngakhale si mwezi wake. Mulungu akusunge, akupatse maso akuthwa pa ntchito yako ndi tulo tabwino.

Bambo ako akudziwa kuti ndikulemba. Andiuza kuti ndisakudandaulitse, ndingoti ali ndi kachifuwa pang'ono. Tsono ukamalankhula nawo, mawu akawathera pakati n'kuyamba kutsokomola, usadule foni poganiza kuti yaduka. Udikire, mwanangu. Amatenga nthawi, koma amabwereranso.

Ndine mayi ako okukonda,
Enesi