Zaka Zinayi za Winnie Zasowa

Kanyama, Lusaka

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Vubwi, ndipo bondo lija laleka kukuvutani. Ife kuno tikudzuka, ngakhale mwana wanu Winnie akudzuka ndi nkhope ya pamaliro.

Mukudziwa kuti wakhala akukonzekera kupikisana nawo pa mpando wa phungu wa kwathu ku Nyumba ya Malamulo. Lamulo limafuna munthu wa zaka makumi awiri ndi chimodzi. Tonse tikudziwa kuti anabadwa 2002, chaka cha njala chija tinkadya gaga. Koma chitupa chake chikuti 2006, ndiye papepala sanakwanitse.

Ndafufuza kumene zaka zinayizo zinathawira. Mukumbukira kuti chifukwa cha kufupika, dzanja lake linkalephera kudutsa pamutu kukagwira khutu, ndipo kusukulu ankamubweza chaka ndi chaka? Tsiku limene analigwira, aphunzitsi anangomuyeza ndi maso n'kulemba zaka zimene anaona. Chitupa chinangokopera za kusukuluzo. Inu munasekerera, mumvekere bola amuchepetsa, amuna achedwa kumuona.

Kuofesi ya zitupa atiuza kuti kukonza kumafuna umboni wa kuchipatala ndi miyezi ingapo, pomwe kupereka mayina a opikisana kutsekedwa pakatha masabata atatu. Winnie anauza abwanawo kuti amuyang'ane mano monga amachitira ogula ng'ombe. Iwo sanaseke. Anangomutcha mwana n'kumuuza kuti adzayesenso pakatha zaka zisanu. Ndamva kuti azimayi amene ankamuimbira nyimbo chifukwa cholimbikira zoti kwathu kumangidwe mlatho ayamba kale kuvala zitenje za wopikisana wina.

Pempho langa ndi limodzi. Tsegulani bokosi lachitsulo la malemu atate, mufunemo khadi la Winnie la kusikelo, lija ankalembapo kulemera kwake ali khanda. Mukalipeza, patsirani a Cosmas a minibasi. Sindikunamizani kuti lithandiza; nthawi yatha kale. Koma mwina akaona ndi maso ake kuti dzanja lina linalembapo tsiku lake lenileni, ayambanso kudya.

Mukapeza kuti chiswe chinafika kale, musamuuze iyeyo pafoni. Uzani ine, ndidzapeza ponenera.

Mundiperekere moni kwa amalume a Valentino, azakhali ku Sinda, ndi alamu anga onse.

Ndine mwana wanu,
Gideon