Injiniya Wanu ndi Makina Ochapira a Eni Nyumba

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko? Nanga mwendo uja ukukulolani kuyenda tsopano? Mankhwala aja muzimwa mutadya, ndipo musamadumphitse masiku. Ine kuno ndili bwino, ntchito kuchipatala ikuyenda, kungoti mutu wanga sunazizire chiyambire Lachiwiri.

Nkhani ndi ya mwana wanu, mlongo wanga, amene inu mumamutcha Injiniya. Khalani pansi kaye, chifukwa kalatayi simuikonda.

Ndinakuuzani kale kuti m'nyumba ya lendi ino muli makina ochapira zovala. Si anga, ndi a eni nyumba, mayi wina wosaseka ndi munthu pa katundu wake. Tsiku lolowa anandisainitsa pepala: kutsuka sefa mwezi uliwonse, kupukuta mphira wa pachitseko, kusiya chitsekocho chotsegula ndikamaliza kuchapa kuti mkati musanunkhe, komanso osadzazitsa zovala. China chikavuta ndiziwaimbira iwowo, osamasula ngakhale sikulu imodzi. Zaka zitatu ndatsata zimenezo, makinawo osatsokomola n'komwe.

Lachiwiri m'mawa ndikuchoka, Injiniya wanu anali akadafunda. Atadzuka anaganiza zochapa, chinthu chimene sanachitepo chibwerere kuno. Anatenga mabulangete awiri, majinzi atatu ndi nsapato zake zansalu, n'kukanikizira zonsezo mkati ndi bondo. Sopo anathira wa ufa wochapira pamanja, theka la paketi. Matumba a mathalauza sanapisemo, poti munthu wophunzira sachita zoterozo.

Makina anavina mpaka kuchoka pakhoma, thovu likutuluka ngati mkaka wofufuma, kenako anaima, madzi ali tho mkati, kanyali kofiira kakuphethira.

Munthu wamba ngati ine akanazimitsa, kuzula pulagi, kutseka mpopi wa kumbuyo, n'kudikira. Koma uyu ndi Injiniya. Chitseko chitakana kutseguka, paja chimadzikhoma chokha mukakhala madzi, iye anachikanula ndi mpeni wanga wa buledi. Chogwirira chinathyoka, madzi onse khuthu pansi. Sanakolope. Anakokera makinawo pakati pa khonde la mkati, kumasula chitsulo chakumbuyo, kuvula lamba, kusolola mawaya, n'kuyala masikulu pa thebulo langa lodyera ngati akugulitsa.

Pansi pa ife pamakhala atelala, bambo ofatsa amene sanandikwezerepo mawu. Madzi aja anadutsa m'siling'i n'kudonthera pa masuti a makasitomala awo. Atelalawo ndiwo anandiimbira foni, akuti ndithamange kunyumba kukugwa mvula ya sopo.

Ndinapempha mnzanga andigwirire odwala. Nditafika ndinapeza eni nyumba afika kale, atabwera ndi wokonza makina, mdala wina wamfupi wa imvi, wonyamula kachikwama kakang'ono ka zida. Injiniya wanu anali chiimire pakati pa madzi, thaulo langa lili paphewa, akuwaphunzitsa. Amati mota yapsa, makinawo ndi achikale, kuntchito kwawo otere amangotaya. Chingerezi chake, amayi, chimachita kuthwanima.

Mdala uja anaona kaye ngati pulagi yazulidwa, ndipo anapeza ili chilumikizire, munthu akugwira mawaya mapazi ali m'madzi. Anaizula, n'kumuyang'ana Injiniya wanuyo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kenako anagwada, kutsegula kachitseko kakang'ono ka m'munsi kutsogolo, kuika mbale pansi, kukhetsa madzi otsala ndi kapaipi, n'kupotokola sefa. Ntchito yomwe ine ndimagwira mwezi ndi mwezi tiyi akuwira.

Mukufuna kudziwa mota yopsayo? Zitsekero zinayi za mabotolo a mowa, sokosi imodzi ndi timapepala ta juga titasanduka phala. Mdalayo anaziyala pa chikhatho n'kufunsa mwaulemu kuti, "Abwana, mwa izi, mota ndi iti?"

Atelala, ndi mkwiyo wawo wonse, anaseka mpaka kugwira khoma.

Mdala anapitiriza kufunsa kuti kodi abwanawo amagwira kuti. Mwana wanu anatchula kampani ya zamagetsi ija mumaidziwa inu. Mdala anati iyeyo wagwira kumeneko zaka khumi ndi zisanu, amadziwa aliyense mpaka wosesa, koma nkhope iyi sanaionepo.

Apa ndiye mvetserani bwino, amayi. Ataona kuti zamuthina, mlongo wanga, wobadwa naye bere limodzi, anandiloza ine ndi chala. Anauza eni nyumba kuti ndine ndimadzazitsa makinawo sabata iliyonse, kuti anawapeza atafa kale, iye amangofuna kundipulumutsa. Ananena zimenezi m'nyumba mwanga, atavala patapata wanga, mimba itakhuta chakudya changa.

Eni nyumba anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati zinali zoona. Ndinapita kukatenga kakalendala kamene ndimachonga tsiku lotsuka sefa. Mdala naye anaikira umboni kuti mphira ndi kabokosi ka sopo n'zoyera ngati zatsopano, munthu wosasamala sakhala ndi makina otero. Mayiwo anangonena mawu awiri: mlendoyu achoke pofika Lachisanu, apo ayi tichokere limodzi. Chitseko ndi masuti a atelala zili pamutu panga, ndavomera.

Tsopano ndiulule zanga, chifukwa nanenso sindine woyera.

Mwana wanu sagwira ntchito, ndipo sanagwirepo. Sukulu ya zamagetsi ija anaisiya teremu yachiwiri. Chithunzi chimene munapachika pabalaza, atavala ovolosi ndi chipewa cholimba, zovalazo anabwereka kwa mnzake, wojambula ndinali ine, kuseri kwa nyumba ino. Juzi ija munalandira n'kumauza anthu kuti wakugulirani Injiniya, ndinagula ndine. Miyezi khumi ndakhala ndikukunamizani poopa kuti BP yanu ikwera. Ndimati mwina asintha. Kusintha kwake n'kumeneku: kudzuka dzuwa lili pamutu, kudya, kusiya mbale m'sinki, kukhala pa foni kulosera mpira, madzulo kundifotokozera momwe dziko lingayendere bwino akanamufunsa iyeyo.

Ndikhululukireni pa bodza limenelo. Koma nanunso, amayi, ndikunena ndi ulemu wonse, munamulera ndi matamando okhaokha. Ine ndikakhoza mayeso munkati ndachita bwino, ndikatunge madzi. Iye akangosintha babu munkaitana anthu oyandikana nawo adzaone. Lero tili ndi bambo wa ndevu zake amene sadziwa kuti magetsi ndi madzi sizigwirizana, koma amadziwa bwino kukankhira mlongo wake kumoto.

Dzulo anabwera kukhitchini, nkhope ili yakugwa. Ndinaganiza kuti mwina akudzapepesa. Ayi ndithu. Amati ndisakuuzeni, tingonena kuti kampani yamupatsa tchuthi. Anawonjezeranso kuti mdala uja ndi wansanje, ndipo akanamupatsa ola limodzi lokha makinawo akanayenda. Ndinangomupatsa chokolopera. Anachigwira ngati ndamupatsa njoka.

Makina abwerera m'malo mwake, akudikira chogwirira chatsopano. Mdala wandionetsanso kachingwe kotsegulira chitseko chikakanirira, kali pafupi ndi sefa pomwepo. Akuti kukoka kamodzi kokha madzi atakhetsedwa, basi. Mpeni wanga wa buledi unapindikira chabe.

Tikiti ndamudulira kale. Afika kumeneko Lachisanu masana. Akayamba za tchuthi, muonetseni kalatayi. Chonde musandiimbire foni yomupepesera, musatumize amalume kuti adzandinyengerere, ndipo musanene kuti ndi mwana. Nyumba ino ndinaipeza movutikira, ili pafupi ndi ntchito, sindingaitaye chifukwa cha munthu wa nzeru za pakamwa. Akadzapeza chochita ndi manja ake, ngakhale kusenza matumba, ndidzamulandira ndi kumuphikira. Koma osati pano.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali ndi onse akunyumba. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu, ndipo mwendowo upole msanga.

Chomaliza, amayi. Chikwama chimene akubwera nachocho muli zovala zakuda zokhazokha, zina zikadali zonyowa ndi sopo. Ndikukudziwani, mudzafuna kuzinyika musanathe ndi moni womwe. Musazikhudze. Mulozereni beseni ndi mpopi, inu mukhale pa mpando muzionerera.

Ndine mwana wanu woyamba,
Nesi wanu uja