Tekilado ya ku Likoma

Lachitatu. Mwera sunaleke tsiku lonse, nanenso mtima sunakhale pansi.

Ku ofesi ya gulu lathu la asodzi, ndikadina mabatani atatu pamodzi, pulogalamu yosunga mawu achinsinsi imandilembera yokha senya, ndiye kuti pasiwedi, ya imelo. Lero yakana. Ndadina mpaka chala kuwawa, a Saide, wapampando wathu, ali chiimire kumbuyo kwanga. Amafuna kumva ngati wogula wa ku Lichinga wavomera usipa wathu, kuti tiukweze pa chapa, minibasi yopita kumeneko.

"A Benta, chapa chinyamuka. Makinawa mwawaononga kodi?"

Ndazimitsa, ndayatsanso, osatheka. Kenaka ndakumbukira kuti tekilado yakale, kiyibodi ija, inafa ndi nyerere, ndipo iyi anabwera nayo dzulo achimwene kuchokera ku Likoma. Mabatani ake ndi a Chingerezi, koma kompyuta imawawerengabe m'Chipwitikizi. Batani lomwe ndimadina limalemba zina! Nditasintha chilankhulo, senya yalowa yokha. Wogula anali atavomera m'mawa. Chapa chinali chitapita, matumba a usipa ali pakhonde.

A Saide sanakalipe. Angofunsa kuti, "Senyayo inu simuidziwa pamtima?"

Sindiidziwa. Ngakhale imodzi. Ndipo nyerere zija ndaziona zikulowa m'kompyuta momwe...