Udzudzu Woluma Masana

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Ine ndilipo. Ndikulemba ndili pa Chamama, mwezi wachiwiri tsopano. Ntchito yandibweza kufupi ndi esiteti ija munandilerera. Zigafa zili pomwe paja, koma matenanti ambiri ndi achilendo. Chaka chino mvula inadula fodya akadali m'mawondo, ndipo masamba ake atuluka opepuka, osasangalatsa m'manja. Achimwene anga, a Lameki, anasamukira ku Nkhamenya. Akazi awo, alamu anga, anabereka mwana wamkazi, ndipo dzina lanu ladzuka: ndi Esinati. Ndangomuona pa foni. Chipumi ndi chanu ndithu.

Munkandiseka kuti, "Sukulu yonseyi, Tereza, n'kukathera kugwira udzudzu?" Ndikugwirabe, amayi. M'mawa ndimayenda m'makomo ndi kachikho, kutunga mphutsi m'migolo, m'matayala akale ndi m'makeni othirira nazale. Anthu atamva kuti kwabwera dokotala anayamba kundibweretsera ana odwala. Ndimachita manyazi powauza kuti udokotala wanga si wa mankhwala, apite kuchipatala. Amabwerera akundiyang'ana ngati ndawamana.

Udzudzu umene ndikufuna si wa malungo uja ayi. Uwu ndi wakuda, wa mizere yoyera m'miyendo, ndipo umaluma dzuwa likuswa mtengo. Inu simunagonepo kunja kwa neti. Ikang'ambika munkaisoka ndi ulusi wa fodya. Koma tsiku lonse munkakhala m'chigafa, miyendo ili pamtunda.

Sabata yatha zotsatira zinabwera kuchokera ku labotale. Mu udzudzu wa kuno tapezamo kachilombo kamene kamatenthetsa thupi n'kuphwanya m'mfundo mpaka munthu kuyenda chowerama. Anzanga a kuntchito anaimba foni kundiyamikira. Ine ndinangokhala pansi pa mthethe, kukumbukira mmene munkagwirira khoma popita kubafa. Kuchipatala anakuyezani kawiri, nati si malungo. Magazi anu palibe anasunga. Komanso kachilomboka sikapha kawirikawiri. Ndiye ngakhale ndili ndi makina onsewa, sindinganene kuti ndi kameneka kanakutengani. Sindidzadziwa, amayi.

Nkhani yolemera ndi ya Anambewe, mnzanu uja munkasoka naye fodya. Inu simunaone zimene zinachitika pa maliro anu. Poti matenda sanadziwike, achimwene anati Anambewe ndiwo anakulodzani, chifukwa cha kamkangano ka nkhuku kaja. Anawabweza panjira ya kumanda. Ine ndinali pomwepo ndi sukulu yanga yonse, koma sindinatsegule pakamwa. Chakhala chikundidya zaka zonsezi.

Dzana ndinapita kukawaona. Akukhala okha kutsidya kwa dambo, ndipo akazi anzawo amadikira kaye achoke pachitsime kuti atunge. Akalamba, amayi, msana wapindika. Ataona galimoto anagwada n'kunditulutsira mpando, ati adokotala asakhale pansi. Munthu amene ankandibereka kumsana inu mukuthyola fodya! Ndinakana mpandowo n'kukhala nawo pamkeka.

Anandifunsa ngati ndachipeza chimene chinakuphani. Ndinalakalaka kuvomera kuti inde, ndi udzudzu, chifukwa mawu amenewo akanawamasula m'mudzi monse. Koma munkandiuza kuti, "Chimene sunaone usanene, ngakhale chikomere munthu." Ndinawauza kuti sindikuchidziwa, koma ndikudziwa kuti si iwo. Ndinapepesa chifukwa chokhala chete tsiku lija. Sanalire. Anangofunsa ngati mtanda wa pamanda panu udakalipo, poti sanafikepo.

Nditabwerako ndinawaimbira achimwene. Anati sukulu yandizunguza mutu, ndipo ngati makina anga alephera kutchula matenda, ndiye kuti iwo ankanena zoona. Anadula foni. Ubatizo wa Esinati uliko Lamulungu likudzali, koma sanandiitane. Ndinali nditagula kale kadiresi koyera. Kali m'chikwama.

Kuno ndilibe wocheza naye. Ndikaweruka ndimaphika pang'ono, kudya ndili chiimire, n'kutsuka mbale imodzi. Nthawi zina ndimapezeka ndikukufotokozerani za ntchito mokweza, ngati muli kuseri kwa chitseko mukusankha nyemba.

Loweruka ndikawatenga Anambewe pa galimoto. Tikalambula pamanda panu, anthu onse akuona. Tikamaliza ndikapita kukaima patali, kuti mnzanuyo akutsanzikeni bwinobwino. Ichi chokha ndikulonjeza, ndipo sindibwerera m'mbuyo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tereza