Chitenje Pakati pa Matabwa

Lachinayi, Lifuwu. Mwera waleka, koma mtima wanga sunakhazikike.

Lero ife ophunzira a mbiri yakale tinalowa pansi pa madzi kukayeza chombo chamatabwa chimene chinamira kalekale panjira ya ku chilumba cha Mbenji. Tisananyamuke ndinakangana ndi a Bwanali, msodzi wachikulire amene amatiyendetsera boti.

"Mwanangu, pamenepo ndi pamanda, si pasukulu," anatero. "Eni ake tinawapangira kale duwa, pemphero la omwalira."

Ndinawayankha molimba kuti mbiri yosafufuzidwa imawola pamodzi ndi matabwa. Anangoseka.

Pansipo ndinapeza nsanza za chitenje zonyikidwa m'phula, zokhomeredwa m'mipata ya matabwa kuti madzi asalowe. Ndi mmene ankamatira maboti malume anga, malemu, amayi akudandaula kuti zitenje zawo zakale zikutha. Ndinakumbuka fungo la phula lotentha, ndi malumewo akuimba mosalongosoka uku akukhoma. Ndinakhalitsa pamenepo mpaka mnzanga anandikoka mwendo.

Ndinazindikira kuti pa chombo chomirachi, mayi wina anang'amba chitenje chake kuti mwamuna wake asamire.

Aphunzitsi alamula kuti mawa tidule thabwa limodzi likapimidwe ku yunivesite, ndipo asankha ine, poti ndine ndinalimbikira kwambiri. Sindinabwererepo m'mbuyo pa mtsutso. Koma akandipatsa sowo m'manja, a Bwanali akuyang'ana, sindikudziwa ngati ndidzadula.