Ndipheni, Alembi

Lolemba, 6 Novembala

Ku Mungyeong, kumene tikujambula sewero la pa TV, kwazizira. Nduna zonse za ufumu wakale wa Joseon zavala majekete pamwamba pa mikanjo, zikusuta fodya kuseri kwa nyumba yachifumu podikira kamera. Ine ndi digiri yanga ya mbiri yakale, ntchito yaikulu lero inali kukumbutsa mfumu kuti ivule wotchi.

Gi-tae anandipeza pa galimoto ya khofi, ndevu zake zomata zikumatuka mbali imodzi. Ku yunivesite anali patsogolo panga, ndiye mpaka pano ndimamutchula seonbae. Iye amanditchula "Alembi" mondiseka, akudziwa kuti ndimangothandiza Mayi Maeng, mlembi wamkulu wa seweroli.

"Alembi, ndipheni."

Ndinaseka. Iye ayi. Bambo ake ku Jeju, chilumba cha kummwera, afa ziwalo, manachesi akupsa m'munda. Pangano lake likuti sangachoke mpaka mlonda amene akusewerayo atafa.

Lachiwiri, 7 Novembala

Mayi Maeng akuti owonera amamukonda mlondayo. "Koma ngati ukufuna, muphe wekha. Ine ndatanganidwa ndi ukwati wa kalonga."

Mlonda wopusa. Magawo onsewa kungoima pakhomo, kuyang'ana msana wa mfumukazi, osanena kanthu. Ndinamulemba ndine. Kumene ndinamutenga, asandifunse munthu.

Lachinayi, 9 Novembala

Ndamulasa muvi pachifuwa. Kenako dzanja langa, palokha, lalemba kuti sing'anga ankadutsa pomwepo.

Uthenga wa Gi-tae pafoni: "Alembi, mivi yanu ndi ya mapesi?"

Lachisanu, 10 Novembala

Ndamugwetsa kuphompho. Pansi panali mtsinje. Ku Joseon pansi pa phompho lililonse pamakhala mtsinje, si mlandu wanga.

Loweruka, 11 Novembala

Gi-tae anandiitana kukadya nkhumba yowotcha. Anandithirira mowa wa soju, ine n'kumuthirira ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Ndinayamba zanga zija: kuti kukhulupirika kwa ku Joseon kunali kusowa kothawira, kuti anthu ankafera mfumu chifukwa kunalibe mabasi.

Anadikira ndimalize.

"Eun-sol," anatero. Dzina langa, osati Alembi. "Amayi akuthyola manachesi okha. Dzulo agwa pamakwerero."

Ndinafufuza nthabwala m'matumba onse. Nyama inapserera ndikuitembenuza.

Lamulungu, 12 Novembala

Chiphe. Mphatso ya mfumu, m'mbale yoyera. Sing'anga ali kutali, mtsinje waphwa. Mlonda akumwa kuti mlandu wa mfumukazi ugwere iye.

Mayi Maeng awerenga, akuti koma nanenso ndili ndi mtima wa mwala. Zikomo, Mayi.

Lolemba, 13 Novembala

Gi-tae wagula tikiti ya ndege ya Lachinayi m'mawa. Wandionetsa ngati mwana woonetsa chilonda. Akuti adzanditumizira bokosi la manachesi. Bokosi. Zaka zonsezi, bokosi.

Lachitatu, 15 Novembala

Tajambula madzulo, dzuwa likupendeka. Chiphe chathu ndi khofi wozizira wothira shuga wambiri. Mphasa pabwalo, Gi-tae atavala zoyera, tsitsi lomasula. Mwambo ndi wodziwika: usanamwe umagwada kuyang'ana kumpoto, kumene kuli mfumu, kuthokoza kuti yakupha mwaulemu.

Iye anatembenukira kummwera. Kummwera kulibe mfumu. Kuli tenti yathu, chitofu cha palafini, ndi ine m'bulangete. Anagwada pang'onopang'ono, chipumi mpaka pansi. Atadzuka anandiyang'ana, n'kumwa. Anagwa bwino kwambiri. Wopaka zodzola analira.

A Seok, otsogolera kujambula, anakanda mutu. "Zakoma, koma walakwitsa mbali. Akatswiri atidya pa intaneti." Anayang'ana kumwamba. "Dzuwa lapita. Tikabwereza, ndi Lachisanu kapena sabata yamawa." Kenako kwa ine: "Inu a digiri, n'zololeka zimenezi?"

Sizololeka. Ndinalembapo pepala lathunthu ku yunivesite. Mawu amodzi okha, tikiti ija yapsa, mlonda wanga n'kuimanso pakhomo.

Gi-tae anali chigonere pamphasa, khofi akutsika m'ndevu, diso limodzi lotsegula.

"N'zololeka," ndinatero. "Zinkachitika m'zigawo zina."

"Ziti?"

"Za kummwera."

A Seok anaomba m'manja, anthu n'kuyamba kukulunga zingwe. Wina anamupatsa Gi-tae maluwa. Ine ndinakhala pomwepo, ndikuonerera akumumatula ndevu. Nkhope ija ya ku yunivesite ndinali nditaiiwala.