Madontho Atatu pa TV ya Ababa

Thuchila, Mulanje
14 Ogasiti, 2023

Okondedwa achimwene a Moffat,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tonse tili bwino, kungoti chiperoni chatikhalira sabata yathunthu, phiri sitikuliona n'komwe. Ndasankha kulemba kalata chifukwa nkhani iyi si yapafoni, ndipo ndikufuna muisunge.

TV munati ndiwagulire ababa ija ndinagula ndi ndalama munatumiza zija ku Chitakale, kwa a Ashraf, yopyapyala ngati chitseko cha kabati. Musaganize kuti ababa anavina. Mukuwadziwa. Chichokereni inu usiku umodzi wokha musanayambe ntchito imene anakupezerani kufakitale ya tiyi, zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, dzina lanu silinatulukepo pakamwa pawo. Amangoti "uja wa ku Joni". Ine ndi amayi tinkapemphera kuti akalandira TV-yi ndiye kuti alandiranso inu. Anaiyang'ana, n'kunena kuti, "Ikani apo." Kwa ababa amenewo ndi mawu ambiri.

Tsopano ndiulule tchimo langa. Tsiku lachitatu ndinaona timadontho titatu pagalasi, pakona yakumanja. Tiwiri takuda, kamodzi kobiriwira, kakang'ono kuposa njere ya therere lobala, koma kowala mwamwano. Amayi anati ndi zonyansa za ntchentche, n'kupukuta ndi nsalu mpaka mkono kuwawa, koma ayi ndithu. Ndiye ine, mwa nzeru zanga zopusa, ndinatenga kansalu koluka kapatebulo kaja n'kukayala pamwamba pa TV, mbali imodzi kukalendewetsa kuti kaphimbe konayo. Ndinati ndi zokongoletsa.

Koma ndinaiwala kuti ndikubisira ndani. Munthu wakhala kapitawo wapasikelo zaka makumi atatu, kutapa masamba zana m'dengu la wothyola tiyi aliyense n'kumawerenga oipa, angalephere kuona kadontho? Lamlungu, akuonera nkhani, anangodzuka n'kuchotsa kansaluko.

"Rute, ichi n'chiyani?"

"Fumbi, ababa."

"Fumbi lowala? Ndimadziwa ine. Chinthu cha uja chingakhale bwanji chamutunthu? Mawa tibweze. Akapanda kusintha, tikaisiya komweko."

Ndinadziwa kuti TV-yo ikatsala ku Chitakale, inunso mwatsala komweko.

M'mawa anavala jekete lawo lakutchalitchi, TV anaikulunga m'bulangete n'kuinyamula pamiyendo m'minibasi ngati mwana wodwala. Kondakitala anafuna kuiika kumbuyo pamatumba a chinangwa, koma anangomuyang'ana kamodzi, nkhani inathera pomwepo.

A Ashraf anatilandira bwino. Anayatsa TV, galasi lonse n'kuliyeretsa, kenaka n'kulidetsa, kenaka kulifiiritsa, uku akuyang'ana ndi kagalasi kokulitsa zinthu. Ababa anawalanda kagalasiko kuti awerenge okha.

"Atatu," anatero ababa. "Tipatseni ina."

A Ashraf anatulutsa pepala la walanti n'kuloza timalemba tapansi, timene ine sindinawerenge. "Pepanitu mdala. Apa akuti madontho akufa akafika asanu amasintha. Akakhala ochepera apo, TV ilibe mlandu."

"Ilibe mlandu? Ndiye mukuti ndidikire ena awiri amwalire, ndidzabwere ndi uthenga wa maliro?"

Anthu m'sitolo anaseka, ine ndinafuna nthaka ing'ambike. Koma ababa, poti ukapitawo sutha m'magazi, anafunsanso kuti, "Atatuwo ndi pa madontho angati?"

"Oposa mamiliyoni awiri, mdala. Chithunzi chonsechi ndi timadontho tokhatokha. Kufakitale sangatulutse magalasi onse opanda kachilema. Akanati azitaya lililonse la kadontho kamodzi, TV bwenzi akugula mabwana okha."

Milomo ya ababa inayamba kuyenda, ndipo ndinadziwa kuti akuwerenga. Pamenepo a Ashraf anawayang'anitsitsa n'kuti, "Kodi si inu a Jailos apasikelo? Amayi anga a Rehema anathyola tiyi m'gulu lanu. Ankati munali okhwima zedi, koma pa masamba zana munkalola oipa makumi awiri ndi asanu. Ankati simunabwezepo dengu la munthu chifukwa cha tsamba limodzi."

Ababa anapinda pepala la walanti bwinobwino, n'kuliika m'thumba la jekete, n'kundiuza kuti, "Bweretsa bulangete." Njira yonse yobwerera TV inali pamiyendo pawo, ataikumbatira ndi manja onse awiri.

Pano ili pamalo pake. Kansalu koluka anakabwezera okha patebulo. Kadontho kobiriwira kaja kamagwera paphewa la wowerenga nkhani, ndipo amayi amati wavala baji. Kukakhala mpira kamabisala m'kapinga, moti a Phillip apakhomo lachiwiri amakana kuti kulibe. Ababa amawatengera pafupi n'kuwalozera monyadira, ngati ndi mbuzi yawo yatsopano.

Mukamabwera mundigulireko nsapato zotseka nambala sikisi, zanga chiperoni chazimaliza. Amayi akupereka moni, akuti muzivala zofunda ndipo musamadye buledi yekhayekha.

Ndimati nditseke apa, koma ababa andipeza ndikulemba. Afunsa kuti kalatayi ikupita kuti, ndipo ndawauza zoona. Aima kumbuyo kwanga n'kusuzumira pepalali. Ndiye akuti ndilembe mawu awa momwe awanenera, osawonjezera, osachotsera:

"Umuuze Moffat kuti ndawerenga, dengu lake ladutsa. Abwere pa Khirisimasi."

Moffat, achimwene! Atchula Moffat! Pamene inki yasungunukapa musadabwe, si chiperoni, ndine.

Ine mlongo wanu wokukondani,
Rute